Sikopu ya ma GHz: mugule kwa Rigol ndi Siglent, kapena mukhalebe kwa akuluakulu akale?

Cha m'ma 2010, injiniya wofuna oscilloscope (sikopu, chipangizo choonetsa mafunde a magetsi pa sikirini) yoonera siginolo yothamanga kupitirira 1 GHz sankaswa nazo mutu. Ankagogoda kwa Tektronix, kwa Agilent, kwa LeCroy, mwinanso kwa Rohde & Schwarz amene chaka chomwecho anali atangoyamba kumene kugulitsa masikopu a dzina lawo. A Rigol ndi a Siglent, makampani a ku China a masikopu otchipa, analipo ndithu, koma malo awo ankadziwika: patebulo la wophunzira, kwa wokonza mawailesi, kwa munthu wokonda kugwiragwira zamagetsi madzulo akaweruka. Kuwatchula pamsonkhano wokambirana zipangizo za labu yaikulu kunali kufuna kusekedwa.

Lero a Rigol ali ndi DS80000 yofika 13 GHz. A Siglent ali ndi SDS7000A imene poyamba inkafika 4 GHz, kenako n'kukwera mpaka 8 GHz. Amenewa si manambala a mwana wasukulu ayi. Ndiye amene wapatsidwa udindo wosankha sikopu waima pamphambano ya njira zinayi: kugula yapamwamba ya makampani otchipawa, kugula yapakatikati ya akuluakulu akale, kugula yakale imene ena anagwiritsapo ntchito, kapena osagula n'komwe, kumangobwereka ntchito ikapezeka. Ndisabise mbali imene ndaima. Pamsika uwu ma GHz olembedwa pachikuto ndi gawo laling'ono la zimene mukulipira. Gawo lalikulu ndi loti munthu wina akhulupirire zimene mwayezazo. Mukadziwa kuti munthu ameneyo ndi ndani, theka la funsoli layankhidwa kale.

Anafika bwanji pamenepa

Makampani awiriwa anaphunzira ntchito pogwira ganyu kwa omwe akulimbana nawo lerowo. Rigol inayamba mu 1998 ku Beijing, ndipo likulu lake tsopano lili ku Suzhou. Masikopu ang'onoang'ono a Agilent a mtundu wa DSO3000 ndi DSO1000 ankapangidwa ndi iwowa. Siglent ya ku Shenzhen, imene inayamba mu 2002, inkapangira LeCroy masikopu a WaveAce, ndipo zina mwa zipangizo za Teledyne Test Tools n'zochokera m'manja mwawo. Ukamapangira mnzako katundu woti akamatepo dzina lake, umaphunzira zimene mabuku sanena: mmene chinthu chimayesedwera chisanatuluke m'fakitale, ndi mmene amalembera malire a zimene chingathe popanda kudzachita manyazi.

Kenako kunabwera DS1052E ya Rigol, ndipo mu 2014 DS1054Z, ya matchanelo anayi pamtengo wa madola pafupifupi 400. Msika wapansi unagwedezeka, mpaka akuluakulu nawo anayamba kutulutsa masikopu awo otsika mtengo.

Koma kuchoka pa 100 MHz kukafika ku ma GHz pali khoma, ndipo khomalo ndi ma chip. Mumtima mwa sikopu muli ADC, imene imasandutsa mphamvu ya magetsi kukhala manambala, ndipo patsogolo pake pali amplifier yolandira siginolo. Othamanga kwambiri a mtundu umenewu sapezeka pashelefu. Akuluakulu amadzipangira okha. Keysight, imene inapatuka ku Agilent mu 2014, ili ndi fakitale yakeyake ya ma chip a indium phosphide ku Santa Rosa, California. Tektronix ndi LeCroy anadalira kwa zaka zambiri silicon germanium ya IBM. Ndipo ma ADC othamanga amene amagulitsidwa ali pamndandanda wa katundu amene mayiko a m'pangano la Wassenaar salola kutumiza kunja popanda chilolezo, limodzi ndi masikopu a phokoso lochepa oyambira 60 GHz kupita m'mwamba. Dziko la China silili m'panganolo. Kampani ya kumeneko ikafuna kukwera, imadziwa kuti mlatho umene ikudalira mwini wake atha kuuchotsa tsiku lililonse.

A Rigol anasankha kudzimangira wawo. Mu 2017 analengeza ma chip awo otchedwa Phoenix, ndipo pamwamba pa amenewo anamangapo MSO7000 ndi MSO5000, kenako MSO8000 ya 2 GHz. Panatsatira DS70000 ya 5 GHz, ndiye DS80000 mu 2023. Ndalama yoyendetsera ulendowu inabwera: Siglent inalowa pamsika wa masheya wa STAR ku Shanghai kumapeto kwa 2021, Rigol n'kulowa mu April 2022.

Nsanjika zitatu

Mawu akuti "msika wapamwamba" ndi otakata kwambiri moti amasokoneza. Ine ndimaugawa patatu.

Pansi, mpaka 1 GHz, otchipawa anakhazikika ndipo sachokanso. Taonani nkhani ya 12-bit, ADC yogawa siginolo m'masitepe ang'onoang'ono ochuluka. A LeCroy anaitchukitsa ndi masikopu a HDO mu 2012, a Tektronix anabwera ndi 5 Series MSO mu 2017, ndipo kwa zaka ndithu 12-bit chinali chizindikiro cha labu ya anthu a ndalama. Pofika 2023, Rigol DHO800 inali nayo m'kabokosi kopyapyala koyendera magetsi a USB-C, a Siglent n'kuyankha ndi SDS800X HD. Pansanjika yomweyi pali GW Instek ya ku Taiwan, Owon, Uni-T, Micsig, ndi Pico Technology ya ku Britain imene masikopu ake alibe sikirini, amadalira kompyuta yanu. Ngati ntchito yanu ndi ma microcontroller, I2C, SPI ndi CAN, nkhani ya ma GHz isakusowetseni tulo. Gulani 12-bit ya matchanelo anayi, ndalama yotsalayo mugulire ma probe abwino, timitu togunditsa pabolodi poyeza.

Pamwamba penipeni palinso bata, koma pachifukwa china. Keysight UXR ya mu 2018 imafika 110 GHz, imatenga masampulo 256 biliyoni pa sekondi, ndipo potuluka mtengo wa yapamwamba yake unapitirira madola 1 miliyoni. LeCroy inafika 100 GHz ndi LabMaster, Tektronix 70 GHz ndi DPO70000SX. Ogula ake ndi opanga ma chip, a fiber optic, ndi olimbana ndi PCIe 5.0 ndi 6.0. Kumeneko Rigol ndi Siglent kulibe.

Fumbi likubuka pakati, kuyambira 2 GHz mpaka cha pa 16 GHz. Apa ndi pamene DS70000, DS80000 ndi SDS7000A zikukumana ndi Tektronix 6 Series B ya 10 GHz, Keysight MXR ya 6 GHz, RTO6 ndi RTP za Rohde & Schwarz, ndi WavePro HD ya Teledyne LeCroy. Pali kufanana kwina kumene kumandichititsa chidwi. WavePro HD ya mu 2018 ndi 8 GHz, 12-bit, masampulo 20 biliyoni pa sekondi. SDS7000A yapamwamba ili ndi manambala omwewo. Agilent Infiniium 90000A ya mu 2008 inali 13 GHz ndi masampulo 40 biliyoni pa sekondi. DS80000 inadzafika pomwepo patapita zaka 15. Wina aona zimenezi n'kunena kuti anthuwa atsalira kutali. Wina anena kuti ntchito zambiri za lero zimakwanira bwinobwino m'manambala a 2008. Onse awiri sakunama.

Mukufunadi ma GHz angati

Bandwidth yolembedwa pa sikopu ndi malo amene siginolo yatsika kale ndi 3 dB. Mukalowetsa sine ya 1 V pa frequency yomweyo, sikirini ikuonetsani pafupifupi 0.7 V. Choncho sikopu ya 2 GHz si yoyezera 2 GHz. Komanso chimene chimadya bandwidth pa siginolo ya digito ndi kufulumira kwa kudumpha, nthawi imene imatenga kuchoka pansi kufika pamwamba, kuposa liwiro la clock. Kawerengedwe kachidule n'kakuti mugawe 0.35 ndi nthawi imeneyo. Kudumpha kwa 1 ns kuli ndi 350 MHz mkati mwake, kwa 100 ps kuli ndi 3.5 GHz, ndipo sikopu iyenera kuposa pamenepo katatu kapena kasanu, apo ayi ikhala ikukuonetsani kuchedwa kwake komwe m'malo mwa kwa bolodi lanu.

Tengani USB 3.0, imene imayenda 5 Gb/s. Mafunde ake oyambira ndi 2.5 GHz, kuchulukitsa kasanu, 12.5 GHz. Ndicho chifukwa 13 GHz, nambala imene imangobwerabwera m'makatalogu a makampani osiyanasiyana, imakwanira pa ntchito yotere. USB 2.0 ya 480 Mb/s ndi Ethernet ya 1000BASE-T zimakwanira mu 2 GHz. Lembani papepala siginolo yothamanga kwambiri imene mudzakumane nayo m'zaka zisanu zikubwerazi, werengerani, ndipo ambiri mupeza kuti nambala yanu ndi yocheperapo kuposa imene wogulitsa akukulozerani.

Ma bit ndi phokoso

Apa Rigol ndi Siglent asiyana njira. DS70000 ndi DS80000 zili ndi ADC ya 8-bit. A Rigol anathamangira liwiro. SDS7000A ili ndi 12-bit; a Siglent anaima pa ma GHz ocheperapo n'kusankha kuona tinthu ting'onoting'ono. 8-bit imagawa sikirini m'masitepe 256, pomwe 12-bit imaigawa 4096. Wofufuza kugwedera kwa ma millivolt ochepa pamwamba pa magetsi a 1 V odyetsa processor, kapena woyeza nthawi imene transistor ya GaN kapena SiC ikutseka ndi kutsegula, masitepe amenewo amawafuna. Wofuna kuona diso la siginolo ya 5 Gb/s, chithunzi chotchedwa eye diagram, amafuna liwiro choyamba.

Koma musatengeke ndi chikomekome cha mkuyu. Ma bit olembedwa ndi a chip yokha. Phokoso la amplifier ndi kunjenjemera kwa clock zimadya ena, ndipo otsalawo ndi amene amatchedwa ENOB. Pa ma GHz angapo, sikopu ya 12-bit, kaya ya ndani, imatsala ndi ma bit enieni pafupifupi 7 kapena 8. UXR ija ya madola miliyoni ndi 10-bit chabe, ndipo palibe amaiderera. Ndiye poyerekeza, funani tebulo la phokoso mu datasheet, osati tsamba loyamba la kabuku kotsatsa. Kabwino kake n'kakuti mutha kudziyezera nokha mphindi zisanu: chotsani probe, ikani tchanelo pa 50 ohm, tsitsani mpaka 1 mV pa bokosi lililonse, uzani sikopu iwerenge AC RMS. Chitani chimodzimodzi pa 100 mV. Onetsetsani kuti masikopu onse awiri mwawatsekera pa bandwidth yofanana, chifukwa yotakata imamwa phokoso lambiri mwachibadwa, ndipo mungaiweruze molakwa.

Pa memory, otchipawa ndi owolowa manja. DS70000 itha kufika masampulo 2 biliyoni, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi pa liwiro lake lonse la 20 biliyoni. Kwa akuluakulu memory yotere nthawi zambiri imalipiridwa padera. Funso loti mufunse ndi lakuti mukaidzaza, sikopuyo imayankhabe mukapotoza batani, kapena imayamba kaye kuganiza.

Palinso nthawi imene sikopu imakhala itatsinzina. Ikajambula funde limodzi, imatseka maso kuti ilikonze isanajambule lina. Tinene kuti sikirini ikuonetsa 100 ns. Sikopu yojambula mafunde 100,000 pa sekondi ikuona 1% yokha ya nthawi. Yojambula 1 miliyoni ikuona 10%. Kachilema kobwera kamodzikamodzi kamabisala mu nthawi yotsalayo. Apa akuluakulu ena ali ndi mphamvu yeniyeni chifukwa ntchitoyi anaiika mu chip: InfiniiVision ya Agilent inafika 1 miliyoni mu 2011, MXO 4 ya Rohde & Schwarz inafika 4.5 miliyoni mu 2022. Nambala yotere, pa sikopu ya aliyense, ifunseni kuti imapezeka pa makonzedwe ati, ndipo imatsala bwanji mukayatsa matchanelo onse, miyeso ndi decode (kumasulira siginolo kukhala mauthenga ake).

Probe, pamene nkhani imapindikira

Tsiku lina ndinatha masana onse ndikusaka vuto pa siginolo ya clock. Pamwamba pa kudumpha kulikonse panali kugwedera, timafunde titatu kapena tinayi tisanakhazikike. Ndinasintha resistor, ndinawonjezera capacitor, ndinayamba kung'ung'udza za amene anajambula bolodilo. Mkulu wina amene tinkagwira naye ntchito anaima pambuyo panga, sanayang'ane n'komwe sikirini. Anatenga probe, anazula kawaya ka ground kaja kotalika ngati chala kokhala ndi kopanira kumapeto, n'kuvekapo kasipuling'i kamene kamabwera m'kathumba ka probe, kaja ambirife timakaponya m'dirowa tsiku loyamba. Anagunditsa nsonga pomwe paja. Mzere unakwera, unaima, phee.

"Mphwanga, tsiku lonseli mwakhala mukuyeza waya wanuyu," anatero, n'kubwerera pampando wake.

Imeneyo inali siginolo ya ma MHz ochepa chabe. Pa ma GHz nkhaniyi imakula koopsa. Probe wamba ya 10x ili ndi pafupifupi 10 pF pansonga. Pa 1 GHz, 10 pF imeneyo imaoneka kwa siginolo ngati 16 ohm yopita pansi, simukuyezanso, mukuipanikiza. N'chifukwa chake kupitirira 500 MHz pamafunika active probe, yokhala ndi amplifier pansonga, ya pansi pa 1 pF, ndipo pa mawaya oyenda awiriawiri pamafunika differential probe yokhala ndi timitu towotcherera pabolodi. Zinthu zimenezi n'zodula, n'zosachedwa kuthyoka, ndipo ziwiri kapena zitatu zitha kuyandikira mtengo wa sikopu yeniyeniyo.

Apa ndi pamene zaka za akuluakulu zimaonekera. Ali ndi ma probe a mtundu uliwonse: a DDR okhala ndi ma interposer olowa pansi pa chip, a magetsi odyetsa processor, a current, opirira kutentha ndi kuzizira m'chipinda choyesera, ndi IsoVu ya Tektronix ya mu 2016 imene imadutsitsa siginolo mu fiber kuti sikopu isakhudzane ndi magetsi amphamvu. Rigol ndi Siglent ali ndi ma active probe awo, koma mndandanda wawo ndi waufupi poyerekeza. Ndipo kampani iliyonse ili ndi kamwa lake lolumikizira: TekVPI ndi TekConnect kwa Tektronix, AutoProbe kwa Keysight, ProBus kwa LeCroy. Labu imene ili ndi kabati yodzaza ma probe a kampani imodzi yamangidwa kale miyendo. Kusamuka n'kugulanso zonse. Amene akuyamba kumene alibe goli limeneli, ndipo ndi iyeyu amene otchipawa amamukomera kwambiri. Kuli ma probe enanso osasankha mwini, monga SigOFIT ya Micsig, imene imalowa pa BNC ya sikopu iliyonse. Kwa a power electronics, imeneyi yatsegula khomo limene kale linali la olemera okha.

Choncho musapemphe mtengo wa sikopu. Pemphani mtengo wa sikopu, ma probe onse amene ntchito yanu ikufuna, timitu tapadera tosinthira, ndi malaisensi a mapulogalamu, zonse papepala limodzi. Nthawi zina kusiyana kumakula, nthawi zina kumafota mpaka kudabwitsa.

Adzawerenge lipotilo ndani

Kuyeza kuli pawiri. Pali kuyeza kofuna kudziwa chimene chavuta, ndipo woweruza ndinu nokha ndi anzanu a patebulo. Pali kuyeza kofuna kutsimikizira wina kuti katundu wanu akutsata muyezo wa USB-IF, PCI-SIG, JEDEC, MIPI kapena HDMI. Pa koyambako, sikopu iliyonse yoona bwino ndi yabwino. Pa kachiwiriko pamafunika pulogalamu ya compliance, timabolodi toyesera tovomerezeka, ndi ndondomeko yolembedwa imene labu yopereka satifiketi imaidziwa. Akuluakulu amakhala nawo m'makomiti olemba miyezo imeneyi, ndipo pulogalamu yawo imatuluka pafupifupi limodzi ndi muyezowo.

Otchipawa ayamba kulowa. Masikopu awo apamwamba ali ndi compliance ya USB 2.0 ndi Ethernet ya 100 ndi 1000 Mb/s, jitter (kunjenjemera kwa nthawi ya siginolo) ndi eye diagram, ndipo SDS7000A ili ndi ya Ethernet ya m'magalimoto. Ngati zimene mukupanga zili mkati mwa mpanda umenewo, muli pabwino. Koma yerekezani kuti mwatumiza bolodi kwa kasitomala, iye akuti likulephera, inu mukuti likukhoza. Iye wayeza ndi sikopu ya dzina limene aliyense m'chipindamo amalidziwa. Mkangano usanafike pa bolodi, uyamba wafika pa sikopu yanu. Mwina si chilungamo, koma mlungu umene muutaye potsimikizira kuti chipangizo chanu sichinama ndi ndalamanso.

Satifiketi ya calibration, yotsimikizira kuti sikopu ikuyeza molondola, nayo ili m'gulu lomweli. Ma labu ambiri amayezetsa zipangizo chaka ndi chaka kwa ovomerezeka pa ISO/IEC 17025. Musanagule, funsani kuti sikopu ya 8 kapena 13 GHz imeneyo adzakuyezerani ndani, ipita kuti ikawonongeka, ikakhalako masabata angati, ndipo pakadali pano mudzagwiritsa chiyani. Khomo la 50 ohm la sikopu yothamanga silipirira zoposa ma volt asanu, ndipo ka static kochokera pachingwe kangathe kuliwotcha. Tsiku limenelo limafika ndithu.

Njira zinayi zija

Yapamwamba ya Rigol kapena Siglent ndingaisankhe popanda kuzengereza kwa kampani yaing'ono yopanga zinthu zake, kwa yunivesite, ndi kwa labu yaikulu yofuna sikopu yachiwiri ndi yachitatu. Mfundo yomalizayi anthu amaiderera. Sikopu imodzi yodula imene mainjiniya asanu akuilembera dzina pakhoma podikira nthawi yawo imachedwetsa ntchito kuposa zitatu zocheperako zimene aliyense angayatse vuto likangomutulukira. Pakati pa DS80000 ndi SDS7000A, wofuna kupitirira 8 GHz apita kwa Rigol chifukwa DS80000 ndiyo imafika 13 GHz. Wofuna 12-bit pa ma GHz apita kwa Siglent, amenenso amapereka decode ya I2C, SPI, UART, CAN ndi LIN popanda kulipiritsa padera pa masikopu awo ambiri. Chenjezo langa ndi limodzi, ndipo limakhudza chipangizo chatsopano cha aliyense: werengani mbiri ya firmware, pulogalamu ya m'kati mwa sikopuyo. Onani kuti imatuluka kangati, ikukonza zotani, ndipo ya masikopu a zaka zisanu zapitazo ikutulukabe kapena anaisiya. Wogula woyamba wa mtundu watsopano amakhala woyesera wa kampaniyo wosalipidwa.

Yapakatikati ya akuluakulu ndi ya amene lipoti lake limatuluka kunja kwa mpanda, amene ali kale ndi ma probe, kapena amene ali ndi mapulogalamu oyesera pafakitale olembedwa m'malamulo a SCPI a kampani imodzi. Pa ndalama yofanana mupeza ma GHz ochepa ndi memory yochepa. Komabe mtengo wa m'katalogu si mawu omaliza. Mpikisanowu wawafewetsa mtima. Ikani pepala la mtengo wa Siglent kapena Rigol patebulo, muona malaisensi ena akusanduka mphatso. Ambiri mwa masikopu awo amakwezedwanso bandwidth pambuyo pake, ena ndi kiyi ya laisensi yokha, choncho mutha kuyamba pansi.

Yakale yogwiritsidwapo ntchito ndi njira imene imandikoka mtima, ndipo ndi imene imaluma kwambiri. Infiniium 90000A ija ili ndi 13 GHz yeniyeni, ma probe ake a InfiniiMax amapezeka kwa ogulitsa zakale, ndipo mbiri yake palibe angaitsutse. Koma ndi makina a m'nthawi ya Windows XP, olemera, a mafani aphokoso, a 8-bit, ndipo opanga ake amafika posiya kukonza mitundu yakale. Chip ya kutsogolo ikapsa, simuipeza kwina kulikonse koma m'sikopu inzake yakufa. Mukapita njira imeneyi, funani yokhala ndi calibration yatsopano ndi chitsimikizo cholembedwa, onani kuti self-test ikudutsa pa matchanelo onse, ndipo malaisensi amene muwafune akhale alimo kale. Keysight imagulitsanso yokha zipangizo zake zokonzedwanso. N'zodulirapo kuposa za pamsika, koma mumagona tulo.

Kubwereka ndi kwa amene akufuna 25 kapena 50 GHz masabata awiri pa chaka. Makampani monga Electro Rent amakhalira zimenezo, ndipo ma labu a compliance amagulitsa masiku. Njirayi imagwirizana bwino ndi yoyamba ija: sikopu yotchipa ya tsiku ndi tsiku patebulo, yodula yobwereka pa mlungu wa chiweruzo. Ubwino wina wobisika ndi wakuti mlungu umenewo mutha kuyeza bolodi limodzi pa zonse ziwiri, n'kusunga zithunzi zake. Tsiku limene kasitomala adzakayikire sikopu yanu, mudzangotulutsa fayilo.

Musanasaine

Pamtengo wa masikopu a ma GHz, wogulitsa wokana kukubwerekani yoyesera kwa masiku angapo wakuuzani kale mmene adzakuthandizireni ikadzawonongeka. Ikabwera, musaiyese ndi kabolodi kawo kachionetsero. Kanapangidwa kuti sikopuyo ioneke bwino. Tulutsani bolodi lanu, makamaka lija linakuvutitsani chaka chatha, limene mukudziwa kale pamene chilema chake chili. Isiyeni sikopu itenthe kwa mphindi 30, chitani self-calibration, yezani phokoso monga ndanenera. Kenako mupatseni mnzanu amene sanaigwirepo, musamuuze kanthu, muone kuti zimutengera mphindi zingati kuika trigger (chouza sikopu pamene iyambire kujambula) yogwira chilemacho. Dzazani memory yonse, yatsani decode, tumizani fayilo ku kompyuta kudzera pa LAN mutagwira wotchi m'manja. Madzulo isiyeni ikuwerengera jitter usiku wonse, fani ya m'chipinda mutazimitsa. M'mawa, musanakhale pansi, potozani batani limodzi muone ngati ikuyankha.